Makilogalamu a Amalume

1. Mleme wa m'shedi

Kuseri kwa galaja ya amalume ake a Sipanala kunali shedi yaitali ya malata. Anthu obwera kudzakonzetsa magalimoto ankakonda kusuzumiramo, ndipo aliyense wosuzumira ankabwerera akupukusa mutu. M'shedimo munali ndege.

Musaganize za ndege zija zimadutsa kumwamba zikusiya mzere woyera. Aka kanali kandege. Pamwamba panali phiko limodzi lalikulu la nsalu yolimba, lokungidwa pa mapaipi opepuka, losongoka kutsogolo n'kutambasuka kumbuyo. Pansi pa phikolo pankalendewera kangolo ka mateyala atatu, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo. M'kangolomo munali mipando iwiri yotsatizana ngati ya njinga yamoto. Kuseri kwa mpando wachiwiri kunali malo a injini ndi pulopela yokankha mphepo.

Chiwongolero munalibe. Woyendetsa amagwira chitsulo chopingasa cholumikizidwa ku phiko. Akachikankhira kutsogolo kandege kamakwera, akachikokera kumimba kamatsika. Ana a mumsewu umenewo anangokaona kamodzi n'kukatcha Mleme, ndipo dzinalo linakakamira.

Sipanala anali mtsikana wa zaka 16. Dzina limeneli analitolera m'galaja momwemo, poti kuyambira ali wamng'ono m'thumba la yunifolomu yake simunkasowa sipanala ya nambala 13. Kwa zaka ziwiri, Loweruka lililonse, iye ndi amalume ake ankapanga Mleme. Panalibe bawuti imene zala zake sizinaigwire.

Chifukwa cha zimenezi amalumewo anamulonjeza chinthu chachikulu.

"Mpando wakumbuyowu ndi wako," anatero. "Tsiku loyamba limene Mleme adzanyamule anthu awiri, wachiwiriyo ndiwe."

Sipanala anasoka yekha khushoni yofiira n'kuimangirira pampandopo. Amayi ake, omwe anali mlongo wawo wa amalumewo, anavomera nkhaniyi movutikira kwambiri.

"Akaputeni akasaina pepala, ukwera," anatero amayiwo. "Akapanda kusaina, ngakhale ulire misozi yodzaza ndowa, phazi lako silichoka pansi."

2. Njovu ndi Udzudzu

Akaputeni anali mkulu wa imvi amene anayendetsa tindege totere zaka zambiri. Ndi iwo anaphunzitsa amalume kuuluka, ndipo popanda dzina lawo papepala, Mleme sakanatuluka m'shedi. Ankayenda ndi ndodo, akukoka mwendo wamanzere.

Loweruka lina anafika m'mawa kudzaona injini. Injinizo zinalipo ziwiri.

Yaing'ono inali pakona, yofunditsidwa chiguduli. Inali ya masilinda awiri, ya mtundu uja umasakaniza petulo ndi oyilo. Inali yopepuka, koma yaludzu ndiponso yaphokoso loboola m'makutu. Amalume anaitcha Udzudzu, ndipo chiigulireni sankaiyang'ana n'komwe.

Yaikulu inali kale pa Mleme, ikunyezimira. Inali ya masilinda anayi, oyilo wake wokhala payekha ngati wa galimoto. Amalume anaipeza ili yakufa n'kuidzutsa ndi manja awo chaka chathunthu. Anaitcha Njovu. Ankaipukuta m'mawa uliwonse, moti akazi awo ankadandaula kuti m'nyumbamo muli mitala.

"Tamvani mmene ikupumira, Akaputeni!" anatero amalume ataikoleza. "Mphamvu zake n'zoopsa, petulo imangonyambita. Ndingasiye imeneyi n'kutenga kaphokoso kali pakonako?"

Akaputeni anadikira kuti injini izime. Kenako anakweza ndodo yawo n'kuloza kachitsulo kakang'ono kokhomedwa pa paipi ya phiko.

"Werenga apa, mwanawe."

"Makilogalamu 450," anawerenga Sipanala.

"Tsono mverani nonse awiri," anatero Akaputeni. "Injini zonsezi n'zabwino. Yaikulu imakwera msanga ndipo imakhalitsa, koma ndi yolemera. Yaing'ono imafuna bwalo lalitali ndiponso m'mawa kukadali kozizira, koma imasiyira anthu malo. Phiko lilibe nazo ntchito zoti injini ndi yokongola. Limangodziwa kulemera basi. Kangolo, injini, petulo, zipewa, anthu, zonse pamodzi zisapitirire nambala imeneyi. Ndipo wina asandiuze kuti achepetsa petulo kuti munthu akwane. Bwalo lina lotera lili kutali, thanki imanyamuka yodzaza.

"Mwendo uwu mukuuona? Ndinali mnyamata, wodzimva kuti ndimatha. Mnzanga anabwera ndi chikwama cha zida, ine n'kunena kuti makilogalamu khumi si kanthu. Kandege kananyamuka bwinobwino, ndipo msampha uli pamenepo. Kandege kolemedwa kamanyamuka ndithu, kenako kamakudikira. Ife kanatidikira pokhota kuti titere. Kamphepo kanangotigunda pang'ono, phiko n'kuleka kutinyamula. Mnzangayo anagona m'chipatala miyezi inayi. Ine mpaka lero mvula ikamabwera ndimayamba kuidziwa ndine."

Akaputeni anatulutsa choko m'thumba n'kupatsa Sipanala.

"Iwe ndiwe wa kusukulu. Uyeze chilichonse, ulembe pabolodi, uphatikize. Ndibweranso 3 koloko ndi pepala."

3. Sikelo ya amayi

Anakabwereka sikelo yaikulu yapansi imene amayi a Sipanala ankayezera matumba m'shopu yawo. Amakanika awiri a m'galaja anathandiza kupinda phiko ndi kutsitsa Njovu ndi tcheni. Sipanala ankagwada, kuyang'ana muvi wa sikelo, n'kuthamangira kubolodi.

Phiko linakwana 54. Kangolo 121. Njovu 82. Pulopela 4. Petulo wodzaza thanki 45. Zipewa ndi zida 6. Kenako anakwera yekha, muvi n'kuima pa 56.

"Tsopano inuyo, amalume. Kwerani."

"Ine lemba 78."

"Akaputeni anati tiyeze chilichonse."

"Kodi ine ndine chilichonse? Ndinadziyeza kale. Taona papulanipo, si 78 imeneyo?"

Zoonadi, pa pulani yakale yomatidwa pakhoma panalembedwa kuti woyendetsa 78. Koma pulaniyo inajambulidwa zaka ziwiri zapitazo, amalume akadali mbeta, akugonera buledi wouma ndi tiyi. Chikwatirireni zinthu zinasintha. Ovololo yawo inali itasiya kutseka pamimba, ndipo iwo ankati vuto ndi sopo wochapira wamasiku ano.

Mmodzi wa amakanika aja anatsokomola, mnzake n'kuyang'ana kudenga. Sipanala analemba 78 n'kuphatikiza zonse.

"446!" anakuwa. "Takwana, amalume! Zatsalako zinayi!"

Amalume anavina pang'ono, akugwedeza chiguduli chopukutira m'mwamba. Kenako ananyamula pulopela kuti akaikoleke pa msomali wake. Msomaliwo unali pamwamba, ndiye pofuna potalikira anaponda pasikelo paja.

Sipanala anali atawerama pomwepo akutola choko chimene chinagwa. Muvi unazungulira, kudutsa 78 osapereka ndi moni womwe, n'kukaima pa 98.

Amalume anakoleka pulopela, kutsika, n'kutuluka akuimba mluzu. Palibe wina anaona.

Masamuwo anali osavuta, a mwana wa Sitandade 3. Pa 98 kuchotsapo 4 ya pulopela, patsala 94. Sipanala anaphatikiza pakhoma ndi chala, kawiri konse. Yankho linali 462. Anapitirira ndi makilogalamu 12.

4. Choko m'manja

Nthawi ya chakudya chamasana onse anatuluka, koma Sipanala anatsala. Anavula nsapato n'kukwera pasikelo. Anatulutsa sipanala m'thumba. Anavula juzi. Anapumira mpweya wonse kunja. Muvi unangosuntha pang'ono ngati ukumuseka.

Amayi ake analowa ndi kontena ya chakudya n'kumupeza ali chiimire pamenepo, wopanda nsapato.

"Kodi wayamba kudzigulitsa pa kilo?"

"Amayi, munthu angathe kuchepa makilogalamu 12 pofika 3 koloko?"

Amayiwo anaseka mpaka kugwira chitseko. "Pokhapokha atasiya mwendo umodzi kunyumba, mwana wanga."

Sipanala sanaseke nawo. Anakumbukira ndodo ya Akaputeni. Amayi ake anaona nkhope yake n'kusiya kuseka.

"Sindikufunsa kuti chavuta n'chiyani," anatero akuika kontena pa benchi. "Koma ndimakudziwa. Ukabisa kanthu sudya, ndipo ine sindinaphikire agalu. Chimene chakukhala pamtimacho ukachinene kwa mwini wake, kenako ubwere udzadye."

Sipanala anawapeza amalume atagona kunsi kwa lole, miyendo yokha ikuonekera. Anagwada pambali n'kulankhula motsitsa mawu kuti amakanika asamve.

"Amalume, paja munaponda pasikelo. Ndinaona 98."

Phokoso la sipanala kunsi kwa lole linasiya.

"Ndinali nditanyamula pulopela."

"Ndachotsera kale. Yatsala 94."

"Nanga majombo awa? Ali ndi zitsulo kutsogoloku. Komanso sikelo ya amayi akoyo inazolowera matumba, anthu siiwadziwa."

"Ine inandidziwa bwinobwino, amalume."

Amalume anatuluka kunsi kuja n'kukhala tsonga. Nkhope yawo inali yakuda ndi girisi, ndipo kumwetulira kunali kutathawa.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Opanga mapiko amalemba nambala yochepa dala, kuopa milandu. Njovu inganyamule ngakhale anthu atatu. Ndaivutikira chaka chathunthu, ndipo sindiichotsa. Ukasintha nambala ija, Akaputeni anena kuti Mleme azinyamula munthu mmodzi. Munthu mmodziyo ndine. Wamva? Mpando wako uthera pomwepo. Siya 78, tiuluke."

Atatero analowanso kunsi kwa lole. Sipanala anabwerera m'shedi, n'kukhala pa mpando wa khushoni yofiira, choko chili m'manja. Chakudya chija chinazizira osachigwira.

5. Nambala imodzi

Akaputeni anafika 3 koloko yeniyeni. Amayi anatseka shopu n'kubwera, akazi a amalume anabweranso, amakanika aja anaima pakhomo. Aliyense ankafuna kuona pepala likusainidwa.

Mkuluyo anavala magalasi n'kuwerenga bolodi kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedera.

"446," anatero. "Mwapulumukira pakabowo kakang'ono, koma mwapulumuka."

Anayala pepala pa benchi n'kutsegula cholembera. Amalume anatsinzinira Sipanala diso. Cholembera chinali chitatsala pang'ono kukhudza pepala.

"Dikirani kaye, Akaputeni."

Sipanala anapita pabolodi. Anafufuta 78 ndi chikhatho n'kulemba 94. Anafufutanso yankho la pansi n'kulemba 462. Kenako anaima atazolika, osayang'ana munthu.

"Nambala zonsezi ndinaziona pasikelo ndi maso anga, kupatula imodzi," anatero. "Imeneyo ndinangouzidwa."

Akaputeni anayang'ana bolodi, n'kuyang'ana mimba ya amalume, kenako n'kuloza sikelo ndi ndodo.

"Bwana makanika, takwerani."

Amalume anayamba ndi kuvula majombo. Anatulutsa makiyi, foni, mabawuti atatu ndi pulayazi. Anavula chipewa. Anavula wotchi. Atayamba kumasula mabatani a ovololo, mlongo wawo anakuwa.

"Achimwene, pali ana pano! Basi, kwerani choncho!"

Anakwera mwaulemu, ndi phazi limodzi kaye, ngati munthu woyesa madzi osamba. Muvi unaima pa 93.

"Ine ndilibe mlandu," anatero akazi awo. "Mbale yachiwiri amaipempha okha."

Anthu onse anaphulika ndi phwete, ngakhale Akaputeni amene. Osaseka anali awiri okha, amalume ndi Sipanala.

Akaputeni anatseka cholembera n'kuchibwezera m'thumba.

"Mwapitirira ndi 11, ndiye lero sindisaina," anatero. "Musachite manyazi, bwana makanika. Kunenepa si mlandu. Cholakwa n'chakuti pulani munaijambulira munthu wa zaka ziwiri zapitazo, pomwe wokwera ndi wa lero. Ndege simuiyeza kamodzi n'kuiwala. Mumaiyeza nthawi iliyonse pamene kanthu kasintha, ngakhale kanthuko kakhale inuyo.

"Njira zilipo ziwiri. Mukafuna Njovu, chotsani mpando wakumbuyo, muziuluka nokha, ndipo mudzasangalala nayo. Mukafuna anthu awiri, ikani Udzudzu, umene ukuchepa ndi makilogalamu 30. Simudzathamanga nawo, makutu adzakuwawani, ndipo muzidzanyamuka m'mawa mokha. Kusankha n'kwanu. Ndibwera komaliza Loweruka likudzali, chifukwa likangodutsa ndikupita kwa mwana wanga ndipo ndikakhalako miyezi isanu ndi umodzi."

Kenako anatembenukira kwa Sipanala.

"Iwe mwanawe, ndaphunzitsa anthu ambiri kukankha ndi kukoka chitsulo chija. Zimenezo aliyense amatha. Chimene wachita lerochi ndi chimene ine ndinalephera tsiku lija la chikwama. Ndikanakhala ndi munthu ngati iwe pambali panga, bwenzi ndikuyenda wopanda ndodo."

Amalume anatola majombo awo n'kutuluka ndi masokosi okha.

6. Mpando wachiwiri

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Amayi anasisita Sipanala pamutu n'kubwerera ku shopu. M'shedimo anatsala yekha ndi Mleme.

Mawu a Akaputeni anali okoma, koma sanamutonthoze. Zaka ziwiri za Loweruka lililonse zinali zitapita, ndipo amalume ake anali atawachititsa manyazi pamaso pa antchito awo. Anayamba kumasula zingwe za khushoni yofiira, misozi ikugwera pa zala.

"Ukuichotseranji imeneyo?"

Amalume anali ataima pakhomo, majombo atavala. M'manja anali ndi sipanala ya nambala 13 ija mtsikanayo anaisiya pafupi ndi sikelo.

"Paja munati Njovu simuichotsa," anatero Sipanala akupukuta m'maso. "Pepani, amalume. Sindinafune kuti akusekeni."

"Andiseka, ndipo andiseka mpaka chaka chithe. Amakanika aja ayamba kale kunditcha Naintefolo." Anapumira m'mwamba n'kukhala pa teyala lakale. "Ndinakwiya, ndisaname. Ndinapita kuseriko kukakwiya bwinobwino. Ndili komweko ndinaona amayi ako akutsegula shopu, ndipo ndinadzifunsa kuti zikanavuta kumwambako ndikanabwera kudzawauza chiyani. Ndinakuuza kuti uname, mwana wa mlongo wanga, pa nkhani ya moyo wako womwe. Wopepesa ndine."

Anadzuka n'kupita pamene panali Njovu, ikadali pa tcheni. Anaisisita pamwamba nthawi yaitali, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Kenako anatenga chinsalu cha lona n'kuifunditsa.

"Amalume, chaka chathunthu chija!"

"Chaka chimodzi cha injini. Nanga iwe si ziwiri?" Anamuponyera sipanala, iye n'kuiwakha. "Ndikanafuna kuuluka ndekha, ndikanavutikiranji kuwotcherera mpando wachiwiri? Mangirira khushoni yakoyo, ndipo umange zolimba."

Sipanala anaseka uku akulira, moti zingwe zinamuvuta kumanga. Atamaliza anatsegula kontena ija n'kuyamba kudya chakudya chozizira ngati sanadye masiku awiri. Amalume anatambasula dzanja kuti atapeko, koma atayang'ana sikelo analibweza.

Kenako anapita pakona onse awiri n'kuvundukula chiguduli. Fumbi linawatsamwitsa. Udzudzu unali pomwepo, wotuwa, akangaude atamangapo nyumba.

"Ukuoneka bwino ndithu," anatero amalume. "Tauzungulitsa timve."

Sipanala anagwira pamene pamamangidwa pulopela n'kupotokola. Sipanasunthe. Anagwira ndi manja awiri, n'kupondera phazi kukhoma. Amalume anamusuntha n'kuyesa okha, ndi makilogalamu awo onse 93, mpaka mitsempha ya pakhosi inatuluka. Injiniyo inali gwa.

Anayang'anizana, kenako onse anayang'ana kalendala ya pakhoma. Kuti Loweruka la Akaputeni lifike panali patatsala masiku asanu ndi awiri okha.

"Amalume," anatero Sipanala akupinda manja a juzi, "tandipatsirani bokosi la masipanala."